Kwa Inu Amene Mukufuna Kukagwira Choko

Ana anga a ku Lundazi, inu amene mwatsiriza Giredi 12 ndipo mukuyendayenda pa Boma ndi mafomu a ku koleji m'manja, nditchereni khutu pang'ono. Ine ndinakalambira m'kalasi, imvi zinanditulukira ndili pa bolodi, ndipo tsopano ndinapuma. Ndikamva unyinji wa anyamata ndi atsikana ukunena kuti ukufuna uphunzitsi, mtima wanga umakondwa, koma umachitanso mantha. Ndikufuna ndikuuzeni za manthawo.

Chimene chadzutsa chidwi chonsechi tikuchidziwa. Mu 2022 boma linalemba ntchito aphunzitsi 30,496 pa nthawi imodzi. Mayina atatuluka, m'midzi munamveka nthungululu. Anthu amene anasunga madipuloma m'sutikesi kwa zaka zambiri, akugulitsa salaula pamsika kapena kulima soya kwa makolo, anadzuka ali antchito a boma. Mu Januwale wa chaka chomwecho sukulu za boma zinaleka kulipiritsa fizi kuyambira kalasi ya timwana kufikira Giredi 12, ndipo ana amene anali atangokhala pakhomo anabwerera ambirimbiri. Makalasi anadzaza, aphunzitsi anafunika, ndiye makolo anayamba kuuza ana awo kuti apite ku uphunzitsi poti kumeneko ndiko boma likulemba.

Tsono funso langa ndi limodzi. Iwe amene wagwira fomuyo, chikukukokera ku ntchito imeneyi n'chiyani? Usandiyankhe ine. Udziyankhe wekha, ndipo usadzinamize.

Ambiri a inu mukadziyankha moona mudzati ndi malipiro. Sindikudzudzulani pamenepo ngakhale pang'ono. Ndife ana a alimi, ndipo tikudziwa kuti mlimi wa thonje amakhetsa thukuta chaka chonse kenaka mtengo amamuuza ndi wogula. Tinaona chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitcha ngozi yogwera dziko lonse mu Febuluwale wa chaka chimenecho, chimanga chitauma chisanabereke. Pa nthawi ngati imeneyo banja limene lili ndi mwana wolandira pa mwezi limadya, ndipo oyandikana nalo amapezanso pokapempha. Mwana woyamba kubadwa amene akufuna kuphunzitsa ang'ono ake ndi kufolera makolo nyumba ndi malata sakulakwa kuganiza za payslip. Kumeneko ndi kukula.

Koma dziwani kukula kwa malipirowo musanawamangire moyo wanu wonse. Ndalama ya mphunzitsi imadyetsa banja, imaphunzitsa ana, ndipo munthu wosamala amamanga nayo nyumba pang'onopang'ono. Siigula galimoto chaka choyamba. Dzina lanu likangolowa pa mndandanda wa olipidwa ndi boma, obwereketsa ndalama adzakupezani ngakhale sukulu yanu ikhale kutali bwanji, ndipo adzakulankhulani mokoma. Ndinaona achinyamata anzeru atatenga loni pamwamba pa loni, payslip itatsala mafupa okhaokha, mwezi usanafike pakati ali kale kwa a kaloba. Mphunzitsi wotereyu thupi lake limaima patsogolo pa kalasi, koma mutu uli kwa amene akumufuna ngongole. Foni ikalira amatuluka panja, ana n'kutsala akuyang'ana bolodi. Ngati chokukokerani ndi ndalama yokha, tsiku limene mudzaone kuti ndi yochepa simudzakhalanso ndi chokudzutsani m'mawa.

Ena mukubwera chifukwa mapointi sanakwane. Mumafuna udokotala kapena uinjiniya ku UNZA kapena ku Copperbelt University, zitseko sizinatseguke, ndiye mwati bola uphunzitsi. Apanso palibe chochititsa manyazi. Ena mwa aphunzitsi abwino kwambiri amene ndinagwira nawo ntchito analowa motero, ndipo ntchitoyo anaikonda ali kale m'kati. Amene ndimawaopa ndi aja olowa ndi mawu akuti "ndikungodikirako pano." Munthu wodikira sakonza phunziro, salemba sikimu, makope a ana amawachonga osawawerenga. Amatha zaka khumi akudikirabe, ndipo m'zaka khumizo ana mazanamazana adutsa m'manja mwake. Munda ukakanika chaka chino umalimanso chaka chamawa, koma mwana amene wadutsa Giredi 1 ndi Giredi 2 osadziwa kuwerenga, zaka zimenezo sizibweranso. Amangokankhidwira kutsogolo, afika Giredi 5 akungojambula zilembo za pa bolodi osazimva, kenaka amatopa n'kusiya. Pamudzi anthu adzati mwanayo analibe mutu, pamene wolakwa anali munthu wamkulu amene ankadikira ntchito ina.

Palinso ena amene akufuna ulemu, chifukwa anamva agogo awo akusimba mmene mphunzitsi ankalemekezedwera kale. Zimenezo ndi zoona, ndipo ndi bwino mudziwe kumene ulemuwo unachokera. Sukulu zoyamba kuno kwathu zinabwera ndi mishoni. A Livingstonia anaoloka kuchokera ku Nyasaland, mbali ya Embangweni, n'kudzakhazikika ku Chasefu, ndipo Akatolika anatsegula malo awo ku Lumezi, ku Kanyanga ndi ku Lumimba. Amene ankayenda pansi m'midzi kuphunzitsa ana pansi pa mtengo anali anthu akuda anzathu, aphunzitsi amene analinso alaliki. Mmodzi mwa otumidwa ndi Livingstonia anali David Kaunda, amene anapita ku Chinsali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mkazi wake Helen analinso mphunzitsi. Mwana wawo Kenneth, wobadwa mu 1924, anaphunzitsa pa Lubwa asanalowe ndale. Simon Kapwepwe ndi Harry Nkumbula nawonso anayamba ndi choko. Ku Tanzania, Julius Nyerere anali mphunzitsi wa sekondale asanatsogolere dziko lake. Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, anthu akuda a digiri m'dziko lonse anali pafupifupi 100 okha, ndipo yunivesite yathu yoyamba inatsegulidwa mu 1966. M'dziko lotero mphunzitsi wa pamudzi ndiye ankawerengera amayi makalata ochokera ku Joni, ku Wankie ndi ku migodi ya Kitwe, ndiye ankalembera mfumu, ndiye ankauza anthu zimene wailesi yanena.

Masiku amenewo anapita. Lero pafupifupi nyumba iliyonse ili ndi wodziwa kuwerenga, uthenga umabwera pa foni, ndipo wogula soya wa njinga yamoto angathe kukhala ndi ndalama zambiri kuposa ahedi. Ulemu wa mphunzitsi ukadalipo, koma sabwera nawo m'chikwama kuchokera ku koleji. Anthu a pamudzi amayamba akuyang'anani. Amaona ngati mumafika belu lisanalire, ngati mumapita pamaliro, ngati mumapereka moni kwa akulu, ngati Lolemba m'mawa simununkha kachasu. Akaona kuti ana awo ayamba kuwerenga, mudzapeza nsawa ndi maungu pakhomo panu osadziwa amene wasiya.

Tsopano ndikuuzeni ntchitoyo mmene ilili kuno, chifukwa ambiri mukamaganiza za uphunzitsi mumaona sukulu ya pa Boma, ya magetsi ndi madzi a pampopi, pafupi ndi msika ndi msewu wa tala wopita ku Chipata. Kalata yanu yoyamba mwina siidzanena zimenezo. Ingadzakutumizeni kwa Mwase, kwa Kapichila kapena kumalire cha ku Lusuntha. Ingadzakutumizeninso kwa Magodi, kapena kutsikira kuchigwa cha Luangwa, kwa Kazembe, kwa Chitungulu kapena kwa Mwanya. Madera anayi otsirizawa anachoka m'boma la Lundazi mu 2018 pamene Lumezi ndi Chasefu anakhala maboma paokha, koma ife timawaonabe ngati kwathu. Kuchigwa mvula ikagwa mitsinje imadzaza ndipo msewu umaduka. Kutentha kwake kwa mu Okutobala ndi kwina. Netiweki mungaipeze pa chulu chimodzi chokha. Nyumba ya mphunzitsi ingakhale yodontha, kapena mungaigawane ndi mnzanu ndi banja lake. Kalasi mudzaipeza yodzaza, ndipo ngakhale ndalama za chitukuko za CDF, zimene zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022, zagula madesiki ndi kumanga makalasi m'malo ambiri, ana ndi ochuluka kuposa zipinda. Boma limapereka alawansi kwa ogwira ntchito kumidzi ndi kumadera akutali, koma alawansi siiumitsa matope.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Wachinyamata amavomera sukulu ya kutali kuti dzina lake lilowe pa malipiro. Temu isanathe wayamba kale ulendo wa ku ofesi ya a DEBS, oyang'anira maphunziro m'boma, kukapempha transifa. Lero wabwera ndi kalata ya kuchipatala, mawa ndi setifiketi ya ukwati, mkuja akufunafuna pa WhatsApp munthu wosinthana naye malo. Ena mwa iwo zifukwa zawo ndi zenizeni, ndipo sindingauze mayi wodwala kapena banja logawanika kuti lipirire mpaka kalekale. Koma ambiri analibe maganizo okhala kuyambira tsiku loyamba. Zotsatira zake, mwana wa pa Boma amakhala ndi aphunzitsi okwanira, pamene mwana wa kuchigwa amasinthiridwa nkhope temu iliyonse, kapena ahedi amatsala ndi anthu awiri atatu kugwira makalasi onse. Mayeso a Examinations Council of Zambia amene ana awiriwa adzalembe ndi amodzimodzi. Pepala silifunsa kuti mphunzitsi wako anathawa mwezi uti.

Apa ndi pamene ndikufuna inu, ana a kuno, mumvetse mtengo wanu. Zilankhulo za m'dziko muno zimene boma linasankha kuti zigwiritsidwe ntchito m'sukulu ndi zisanu ndi ziwiri: Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale. Chitumbuka palibe. Kuno kum'mawa mabuku ndi a Chinyanja ndi Chingerezi. Mwana wa kwa Mwase amene kunyumba amalankhula Chichewa savutika kwambiri. Koma mwana wa kwa Mphamba kapena kwa Magodi amene anayamwa Chitumbuka amafika pa sukulu tsiku loyamba n'kupeza kuti mawu a m'buku si amene amayi ake amamuitanira ku nsima. Akakumana ndi mphunzitsi wosamva chilankhulo chake, mwanayo amakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko amakuyesa umbuli. Inu munakula ndi zilankhulo ziwirizi m'kamwa. Mungathe kumugwira dzanja mwanayo m'Chitumbuka, kumuolotsera ku Chinyanja, kenaka ku Chingerezi, osamuchititsa manyazi ndi chilankhulo cha kwawo. Luso limeneli palibe koleji imene imapereka. Mukudziwanso chifukwa chimene mnyamata amasowera m'kalasi nthawi yolima, mukudziwa za anyamata amene amapita kukaweta ng'ombe za eni kwa zaka kuti adzapatsidwe imodzi, ndipo mukudziwa malankhulidwe oyenera pofika pakhomo pa bambo wa mwanayo kapena pamaso pa a nyakwawa. Mlendo angachite zonsezi, ndipo ambiri ochokera kutali atithandiza ndi mtima wonse, koma amayamba aphunzira zimene inu munabadwa nazo.

Inu atsikana, ndili nanu mawu apadera. Chigawo chathu cha kum'mawa chimatchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya maukwati a ana ndi mimba za atsikana a sukulu. Malamulo alipo. Kuyambira 1997 mtsikana amene wabereka amaloledwa kubwerera ku sukulu, ndipo mu 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asakwatiwe ngakhale pa mwambo wa kumudzi. Koma lamulo lili m'buku ku Lusaka. Mtsikana wa Giredi 6 amene amalume ake alandira kale chimalo amafuna munthu wamoyo woti amuuze, ndipo nkhani zoterezi sauza mphunzitsi wamwamuna. Sukulu zakutali zimasowa aphunzitsi aakazi. Mayi mmodzi wokhala pa sukulu yotero, wodzigulira yekha chitenje ndi sopo, wolankhula pamsonkhano wa makolo anthu n'kumumvera, amasintha maganizo a atsikana ambiri popanda kulalikira. Ngati mukufunafuna chifukwa cholowera ntchitoyi, chimenechi n'chokwanira.

Inu anyamata, mawu anu ndi aafupi. Mwana wa sukulu ndi mwana wanu. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati mukudziwa mumtima mwanu kuti simungathe kuona mtsikana wa yunifomu ngati mwana, musayandikire koleji ya uphunzitsi. Mudzaononga moyo wa mwana wa eni, mudzachotsedwa ntchito, ndipo ndende ilipo.

Mwina mukuti, nanga gogo, inu chinakusungani n'chiyani zaka zonsezo? Ndikuuzani. Mwana amabwera osadziwa ngakhale kugwira pensulo. Mumayamba naye ndi a, e, i, o, u. Kenaka ma, me, mi, mo, mu. Masabata amapita, iye akungobwereza zimene anzake akunena, maso ali kwina. Ndiye tsiku lina mumalemba mawu pa bolodi amene simunawaphunzitsepo, mwanayo n'kuyamba kulumikiza yekha, milomo ikugwedera, mpaka mawuwo atuluka. Amadzidzimuka, amakuyang'anani, kenaka amayamba kuwerenga chilichonse: chikwangwani cha sukulu, thumba la feteleza, chibotolo cha mafuta ophikira. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene adzamuwerengere sikelo pogulitsa nsawa, kapena kumusainitsa pepala limene sakulimva. Chisangalalo cha tsiku limenelo sichinandithere kufikira ndinapuma. Pali anthu amene ndikawasimbira zimenezi maso awo amawala, ndipo pali ena amene amangoyasamula. Onsewo ndi anthu abwino, koma oyambawo ndiwo aphunzitsi.

Musaganizenso kuti choko chimatsekera munthu njira. Aphunzitsi ambiri amene anayamba ndi setifiketi pa koleji ya ku Chipata anadzatenga madipuloma ndi madigiri ku Chalimbana, ku Kwame Nkrumah ku Kabwe kapena ku UNZA, akuphunzira pa tchuthi uku akugwira ntchito. Ku Malawi, Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pamene analemba Nthondo, buku limene linapata mphoto mu 1933, ndipo pambuyo pake analemba Mbiri ya Achewa. Mbiri ya mafumu athu, nthano za agogo athu, mayina a mitengo ndi mankhwala a m'tchire la Lukusuzi, zambiri sizinalembedwe. Mphunzitsi wokhazikika pamudzi ndiye ali pafupi ndi nkhalamba zimene zikuzidziwa.

Kwa amene mwatsimikiza mtima, tamverani zofunika musanapereke ndalama. Makoleji achuluka, ndipo si onse ovomerezeka. Lamulo la 2013 linakhazikitsa Teaching Council of Zambia, bungwe limene limalembetsa aphunzitsi ndi kupereka chilolezo chophunzitsira. Makolo anu asanagulitse ng'ombe, fufuzani ngati koleji imene mukufuna ndi yodziwika ku bungwe limeneli. Za mapepala ogula musaziyese n'komwe. Mu 2017 bungwe lomweli linapeza aphunzitsi pafupifupi 500 ali ndi masetifiketi abodza, ena atagwira ntchito zaka zambiri, ndipo manyazi ake anagwera mabanja awo onse. Dziwaninso kuti dipuloma si kalata ya ntchito. Pa malo 30,496 aja anthu oposa 100,000 anafunsira, kutanthauza kuti otsala anali ochuluka kuposa otengedwa, ndipo zaka zotsatira boma lalemba ochepa kuposa pamenepo. Mungadzadikire. Ngati mutu wanu umagwira masamu, sayansi kapena kompyuta, tengani zimenezo, chifukwa sukulu zathu za sekondale zimasowa aphunzitsi ake. Musathamangire phunziro limene aliyense akutenga poti ndi losavuta. Ndipo ngati mumakonda timwana, musachite manyazi kusankha makalasi oyambirira. Anthu amayesa kuti mphunzitsi wa Giredi 1 ndi wamng'ono poyerekeza ndi wa sekondale. Ine ndikuti sukulu yanzeru imaika mphunzitsi wake wabwino koposa ku Giredi 1.

Inunso makolo amene mukuwerenga pamodzi ndi ana anu, musamukankhire mwana ku uphunzitsi chifukwa choti mwana wa a neba analembedwa. Mwana amene manja ake amakonda injini, matabwa kapena dimba, mutumizeni kumene kuli luso lake. Akalowa m'kalasi mokakamizidwa, odzavutika ndi adzukulu a anthu ena.

Njira yodziyesera ilipo, ndipo siifuna ndalama. Pafupi ndi mudzi wanu pali sukulu ya pulayimale kapena community school imene ikusowa manja. Pitani kwa ahedi, muwapemphe kuti muzithandizako temu imodzi popanda malipiro. Akupatseni ana osadziwa kuwerenga, aja okhala kumbuyo. Muzifika m'mawa uliwonse, mvula kaya dzuwa, muchonge makope, mukaone kwawo kwa mwana amene wajomba sabata yonse. Temu ikatha mudzakhala mutadziwa. Mukaona kuti mumangowerenga maola kuti belu lilire, bwezani fomuyo, mufune ntchito ina ndi mtima woyera, palibe amene adzakusekeni. Koma mukapeza kuti usiku mukuganiza za mwana uja amene sanathebe kusiyanitsa b ndi d, lembani fomuyo, pitani ku koleji, ndipo kalata ikadzakutumizani kwa Chitungulu kapena kwa Mwanya, nyamulani katundu wanu yense mukakhale.